Sitima ya Bambo Aakulu

Kwathu ku Santhe kulibe njanji. Munthu amatha kubadwa, kukwatira, kubereka mpaka kutha mano asanaionepo sitima, ndipo sasowa nazo tulo. Ineyo pa nthawiyo ndinali bambo wa mwana mmodzi, ndili ndi benchi yanga yokonzera mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ina, koma sitima ndinkangoidziwa pa chithunzi cha m'buku la kupulaimale. N'chifukwa chake bambo aakulu, amuna awo a mayi anga aakulu, atabwera kudzakhala m'mudzi mwathu n'kumanena kuti anayendetsa sitima zaka zoposa makumi awiri, tinkangovomera ndi mutu mumtima tikuti kaya.

Kwawo kunali ku Balaka. Ntchito itatha anatsatira akazi awo, poti munda unali wa mayi aakuluwo. Anafika ali mkamwini wa imvi, wosadziwa ngakhale kusoka fodya. Tsamba akaligwira linkang'ambika, akamanga mkangala unkamasuka. Zinali zaka zija za makuponi a feteleza, ndipo m'kaundula munkalembedwa dzina la akazi awo, lawo ayi. Pamudzi ponse anali ndi chinthu chimodzi chokha chawochawo: anali munthu amene anayendetsapo sitima. Kuwachotsera chimenecho, ankatsala nkhalamba yodya thukuta la mkazi.

Sindinkawakonda, ndisaname. Ukawapatsa moni uli kumbuyo kwawo sankayankha. Polankhula ankakuwa ngati tonse tili kutsidya kwa dambo, ndipo ukamawayankha ankakuyang'anitsitsa pakamwa ngati akukuwerenga mano. Tonse tinkati ndi matama a anthu okhalitsa m'tauni. Amalume ankakonda kunena kuti mkamwini asamakule mwendo, ndipo ine ndinkaseka kwambiri kuposa ena onse, chifukwa moni wanga ndi umene unkagwa pansi kawirikawiri.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali chigafa chakale chimene sichinkapachikidwanso fodya. M'menemo ndi momwe anapangira sitima yawo. Inali yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, yosulidwa ndi malata a zitini za mafuta ophikira, yokhala ndi timawindo, timasitepe ndi kanyali kapatsogolo kochokera mu tochi. Mawilo anali a zitsulo za njinga. Njanji anaikhoma ndi waya wokhuthala pa matabwa, ndipo mota anadzaupempha kwa ine, wa mu wailesi ya kaseti imene mwini wake anaitaya. Akalumikiza mabatire inkayenda ndithu, ikukoka timabogi titatu. Pa zimenezi ndiwayamikire, manja anali nawo. Vuto linali lakuti inkayenda mwakachetechete, kumangoti nswii ngati udzudzu. Iwo ankailizira ndi pakamwa, masaya ali tutumu, ndipo anthu odutsa ankaima kuseri kwa mpanda kumagwirana m'nthiti.

Tsiku lina la msika anafika pa benchi yanga atanyamula mutu wa sitimayo m'thumba la feteleza. Anati amva kuti ndimaika nyimbo m'mafoni, ndiye kaya sindingaikenso kulira kwa injini m'sitima yawoyo. Anafotokoza bwinobwino zimene ankafuna. Iyambe ndi kukhosomola kwa injini ikamadzuka, kenako kung'ung'udza ili chiimire pa siteshoni, kenako huta kawiri, kenako kukwera kwa mawu masitepe asanu ndi atatu mpaka itathamanga. Anawerenga masitepewo pa zala, dzanja linalo likukoka chogwirira chimene panalibe. Anati ndipite ku Salima kapena ku Kanengo, ndikaime pafupi ndi njanji, ndikatole mawuwo ndi foni.

Ndalama analibe. Chaka chimenecho mayi aakulu anapeza thumba limodzi la feteleza wa kuponi, ndipo anagwirizana zondipatsa theka kuti ndigulitse ndiyendere. Anathira okha mayi aakuluwo m'ndowa yanga, ine ndikudziwa kuti mizere ina ya chimanga chawo idzakhala yachikasu. Ndinalandira ndi manja awiri ngati mwana waulemu.

Ku Salima sindinapite. Dalaivala wina wa lole ya fodya anandiuza kuti sitima masiku amenewo inkabwera ikafuna, munthu ukhoza kugona pa siteshoni sabata yathunthu osaiona. Ndinaganizira benchi yanga, ndinaganizira fodya wanga amene ankafunanso feteleza, ndipo ndinadziuza kuti dizilo ndi dizilo basi. Kumbuyo kwa msika kunali chigayo cha injini imodzi, chija choliza ndi handulo. Ndinalawira, n'kutchera foni pafupi pamene mwini wake ankachiliza. Chinakhosomola, thu, thu, thu, kenako n'kugwira liwiro. Huta ndinatola wa lole ya dalaivala yemwe uja. Masitepe asanu ndi atatu ndinawapanga pongoyandikizitsa foni pang'onopang'ono. Kunyumba ndinasowako masiku atatu, ndili kwa apongozi ku Lukwa, kuti zioneke ngati ndayenda.

Pomvetsera ndinapeza kuti chakumapeto kwalowa zina. Kunkamveka chimanga chikulowa m'chigayo, kenako mwini wake akumenya chitsulo ndi ndodo, kho kho kho, monga ankachitira ufa ukatsekera, kenako mawu ake osasa akuti wotsatira abweretse dengu. Munthu aliyense wa ku Santhe ankawadziwa mawu amenewo. Ndikanatha kudula. Ndinasiya dala, ndikufuna ndione ngati a dalaivalawo angazindikire.

Ntchito yoika ndinaigwira mwaluso, ndipo mpaka lero zimandinyansa kuti ndinaigwira bwino chotero. Ndinachotsa kasipika mu wailesi yakufa. Sipika ikakhala pamtunda imalira mopyapyala, choncho ndinaitsekera m'kachitini ka mafuta odzola n'kumata m'mphepete ndi phula kuti mawu atuluke onenepa. Kachitiniko ndinakakhazika m'mimba mwa injini, n'kuboola timabowo kunsi ndi msomali. Foni yakale yosweka galasi ndinaigoneka m'bogi yoyamba, waya n'kudutsa pa cholumikizira. Ukadina batani limodzi, lata lonse la sitimayo linkanjenjemera.

Tinayesera m'chigafa muja masana, tili atatu, ine, iwo ndi mayi aakulu amene ankasankha mtedza pakhomo. Nditadina, bambo aakulu anati ndikweze. Ndinakweza mpaka pamapeto. Anainyamula sitimayo pa njanji, n'kuikumbatira pachifuwa ngati khanda, kenako n'kutsamiritsa chibwano pa denga lake, maso ali tsinzini. Anakhala choncho mpaka mawu onse anatha, ndi kho kho kho yemwe, ndi dengu lomwe. Atatsegula maso munali misozi.

"Ndi yomweyi, mwana wanga," anatero. "Apa ikutuluka pa siteshoni ya Nkaya. Wandibwezera moyo."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe choipa. Ndinati ndawagwira. Munthu woti anakhala m'sitima zaka makumi awiri angalephere bwanji kusiyanitsa sitima ndi chigayo? Ndinatsimikiza pomwepo kuti mkuluyu mwina ankangosesa pa siteshoni kapena kugulitsa nzimbe m'mbali mwa njanji, ndipo wakhala akutipusitsa tonse. Bodza langa ndinaliiwala, n'kumangoona lawo.

Mayi aakulu anali atasiya kusankha mtedza. Iwo anakhala m'nyumba za m'mbali mwa njanji zaka zonsezo, ndiponso ankagayitsa pa chigayo chomwecho sabata iliyonse. Anandiperekeza mpaka pa mpanda, n'kundigwira pamkono mwamphamvu.

"Ndamva zimene waikamo," anatero motsitsa. "Za feteleza sindikufunsa. Koma zimenezi zithere m'chigafa muno. Wamva?"

Ndinati ndamva, amayi. Mumtima ndinati akubisa bodza la amuna awo. Madzulo a tsiku lomwelo nkhani inali itafika kale pa bawo, woifikitsa ndili ine, ndipo anzanga anati zotere n'zosamvera kwa munthu, n'zofunika kudzionera.

Mpata unapezeka chaka chotsatira, tsiku logawa makuponi. Amene anakhalapo zaka zimenezo akudziwa mmene tsikulo linkakhalira. Midzi yonse inkasonkhana pa bwalo la sukulu kuyambira m'mawa, ogawawo n'kufika dzuwa litapendeka. Anthu ankakhala ndi njala ndi mantha, aliyense akuopa kuti dzina lake ladumphidwa, ndipo khamu lotere limafuna munthu woti limuseke. Mayi aakulu analawira kukagwira malo kumbali ya azimayi. Ine ndinadzera kunyumba kwawo, n'kuwapeza bambo aakulu ali okha, poti analibe chokachita kubwaloko. Ndinaima patsogolo pawo n'kuwauza kuti anthu akufunitsitsa kumva sitima, ndipo ndi bwino aione ndi amene ankakayika. Poyamba anati amayi ako sakonda kuti ituluke. Ndinati nanga mpaka liti anthu azikuyesani abodza? Pamenepo analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete ndi chipewa chawo chakale. Matabwa a njanji ndinawamangirira pa njinga yanga.

Tinayala pansi pa mtengo wa muwanga. Anthu anaunjikana, abambo kutsogolo, ena atakwera pa njinga zawo kuti aone. Bambo aakulu anayamba n'kufotokoza mokuwa monga mwa masiku onse, pamene pamakhala woyendetsa, pamene pamalowa dizilo, mchenga umene amathira pa njanji ikamaterera. Anthu anamvetsera ndithu, ndipo ena ankafunsa mafunso enieni. Kwa kanthawi ndinaona kuti ayamba kuwakhulupirira, ndipo zinandiwawa. Ndinadina batani.

Thu, thu, thu. Kenako mayi wina kumbuyo anati, kodi si chigayo cha kumsika chimenechi? Kuseka kunayambira pamenepo n'kufalikira ngati moto wa lupsa. Bambo aakulu anaona mano a anthu ali mbee, nawonso n'kumwetulira, akuyesa kuti anthu akondwa. Anaika dzanja pa denga la sitimayo n'kumawerenga masitepe mokweza, yachitatu, yachinayi, apa ikukwera mtunda, apa muyenera kuigwira bwino. Pamene ankati yachisanu ndi chitatu ndi pamene panamveka kho kho kho, ndi mawu aja a dengu. Mwini chigayo analipo pa khamulo. Anzake anamukankhira kutsogolo, iye akuseka mpaka kukhosomola. Anthu ena anakhala pansi, ena ankapukuta misozi. Ine ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka, ndipo ndikanena kuti ndinamva chisoni pa nthawi imeneyo ndinama.

Mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe, wodziwika ndi pakamwa, anatenga mbale imene munali chimanga chokazinga n'kuiika patsogolo pa sitimayo. Anagwada mwaulemu wachipongwe, n'kuwomba m'manja, n'kunena kuti a dalaivala amugayire mgaiwa, ana agona ndi njala. Bambo aakulu anayang'ana mbaleyo, anayang'ana pakamwa pa mayiyo, kenako pakamwa pa wina ndi wina. Kumwetulira kunatsala pa nkhope pawo kwa kanthawi ngati kwasowa kolowera. Potsiriza anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana njinga yanga.

Mayi aakulu anafika akukankha anthu. Sanakalipire munthu. Anagwada patsogolo pa amuna awo, nkhope ndi nkhope, n'kulankhula pang'onopang'ono akutsegula kwambiri pakamwa.

"Ndi chigayo, bambo. Anakuikirani chigayo. Tiyeni kunyumba."

Bambo aakulu anazimitsa okha foniyo. Ananyamula sitima ndi timabogi take, matabwa n'kuwasiya pomwepo. Mayi aakulu anawatsatira, ndipo dzina lawo litaitanidwa madzulo panalibe woyankha, kuponi yawo n'kupita kwa wina. Chaka chimenecho munda wawo sunaone feteleza ngakhale wa m'chitsekerero.

Kuyambira tsiku limenelo dzina la bambo aakulu linasanduka la chigayo. Akamadutsa pamsika anthu ankati thu thu thu kumbuyo kwawo, ndipo azimayi ankafunsana ngati a dalaivala atsegula lero. Nkhani inakhazikika yoti mkuluyo sanakwerepo sitima chibadwire. Umboni unalipo, anthu mazana anadzionera okha. Ine ndinatchuka kwa sabata zingapo ngati mnyamata wochenjera amene anagwira nkhalamba yabodza, ndipo kutchukako ndinakudya bwino.

Patapita masiku mayi aakulu anabwera pa benchi yanga. Anaika patebulo kaphukusi ka pepala. Munali foni ija, kasipika ndi waya, atakulunga bwinobwino. Anati bambo akuti zinthu za eni zibwerere. Ndinayamba kudziteteza, ndikuti komatu amayi, munthu woyendetsa sitima akanadziwa. Anandilola kuti ndimalize.

"Bambo ako samva," anatero. "Injini zomwezo ndi zimene zinawapha makutu. Ntchito inathera pamenepo. Amawerenga milomo, ndipo sitima ija ankangomva kunjenjemera kwake pachifuwa. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Ankati kukhala mkamwini wopanda munda n'kokwanira, asawonjezerepo ugonthi."

Atatero ananyamula dengu lawo n'kumapita ku chigayo, poti ufa unali utatha ndipo chigayo china kunalibe.

Ndinakhala pa benchipo ndikukumbukira moni wanga wonse umene ndinkati ukunyozedwa. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chiyambire, koma ndiulule kuti manyaziwo sanandipatse mphamvu. Ndikanatha kuimirira pa bawo n'kunena kuti wabodza ndi ine, ku Salima sindinapite, feteleza ndinathira fodya wanga. Ndinayesa kamodzi, mozungulira, anzanga n'kuseka kuti ndayamba kupemphera. Kunena za makutu awo kukanakhala kuwavula kachiwiri. Ndinapeza pobisala pamenepo, n'kukhala chete.

Fodya atagulitsidwa ndinapita ku Salima, ulendo uno weniweni. Ndinadikira masiku anayi. Itabwera ndinaimva m'mapazi ndisanaione. Nthaka inkanjenjemera, mawu ake ankalowa m'mafupa, ndipo huta itaomba ndinatsala pang'ono kugwetsa foni. Sizinkafanana ndi chigayo ngakhale pang'ono. Ndinaima pafupi ndi njanji ndikutola mawuwo, ndikudzimva uchitsiru, ndipo ndinamvetsa mmene chinthu choterocho chingathere makutu a munthu wokhala m'kati mwake tsiku ndi tsiku.

Nditabwerako ndinawapeza bambo aakulu atakhala pakhonde akusenda chinangwa. Sitima ija inali pamwamba pa khola la nkhuku, yopanda mawilo, mvula itayamba kale kuidyetsa dzimbiri. Ndinagwada patsogolo pawo kuti aone pakamwa panga. Ndinati ndalakwa, bambo, ndapita ku Salima, iyi ndi yeniyeni. Ndinali nditaika sipika yaikulu m'chitini cha mkaka kuti injenjemere kwambiri. Anapukuta manja, n'kulandira. Anaiika pachifuwa monga tsiku lija, koma maso sanatsinzine. Ankandiyang'ana ine mpaka inatha, kenako n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Ikunjenjemera," anatero. "Ija inkanjenjemeranso. Ija ndinaimva chifukwa unandiuza kuti ndi sitima. Tsopano ndimvera chiyani?"

Anatola mpeni wawo n'kupitiriza kusenda. Sanandithamangitse, sananditukwane, ndipo kuyambira pamenepo ankandiyankha moni nthawi zonse akandiona. Koma za sitima sanazitchulenso kwa munthu aliyense. Analekanso kukuwa polankhula, chifukwa analeka kulankhula kumene. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, pamene sakanatha kuona pakamwa pa mlaliki.

Anamwalira patapita madzinja awiri. M'sutikesi mwawo tinapeza mapepala a ntchito, ndi chithunzi chawo ali mnyamata, atatulutsa mutu pa windo la injini yeniyeni, chipewa chomwe chija chili kumutu. Ndinapempha mayi aakulu kuti ndichionetse kwa anthu pamaliro. Anachilanda m'manja mwanga n'kuchiika m'chitenje, n'kunena kuti za amuna awo ndinaonetsa kale zokwanira.

Kumanda mkulu wa mpingo anawerenga mbiri yawo monga anamulembera a pabanja. Anatchula kumene anabadwira, chaka chimene analowa mpingo, ana amene anasiya. Atafika poti malemuwa anagwira ntchito yoyendetsa sitima za pamtunda, anatsokomola pang'ono n'kufulumira. Kumbuyo kwanga, pakati pa adzukulu okumba manda amene anali atatsamira makasu awo, wina anati thu, thu, thu, pansipansi. Mapewa a anthu angapo anagwedezeka, ndipo mayi wina anabisa nkhope m'nsalu ngati akulira.

Mayi aakulu anamva. Sanacheukire kwa adzukuluwo. Anadzutsa mutu pakati pa azimayi amene anawagwirizira, n'kundifunafuna pa khamu lonselo mpaka anandipeza.